Momwe mungakonzere mabatani osagwira ntchito pa kontorola ya PlayStation 4

Kontorola ya PlayStation 4, imene kampani ya Sony inaitcha DualShock 4 koma osewera ambiri amangoti pad, kawirikawiri siifa yonse tsiku limodzi. Vuto limayamba ndi batani limodzi. Muli pakati pa mpira wa FIFA, mwadina X kuti mupatsire mnzanu, koma wosewera wanu akungopitirira nawo mpira mpaka kulandidwa. Kapena mwapanikiza R2 mpaka pansi koma iye akukana kuthamanga. Anthu ambiri akafika pamenepa amayamba kudina mwamphamvu mpaka labala la mkati kung'ambika, ndipo ena amatenga mpeni n'kukanula kontorolayo, kenako n'kudula mawaya amene analibe vuto lililonse. Ndaonapo makontorola angapo amene matenda awo anali fumbi ndi thukuta chabe, koma anafera m'manja mwa mwini wake pofuna kuwachiza. N'chifukwa chake malangizo awa ayamba ndi kufufuza pamene pali vuto, ndipo kutsegula kontorola kubwera pambuyo, zina zonse zikakanika.

## Zipangizo zofunika

- Sikuludiraiva yaing'ono ya mtanda, ya saizi PH00, ngati imene okonza mafoni ndi mawotchi amagwiritsa ntchito. Ikhale yosalika kunsonga.
- Kapulasitiki kopyapyala kokanulira. Ngati mulibe kamene amagulitsa, khadi lakale la ku banki kapena lija limabwera ndi SIM yatsopano limagwira bwino ntchitoyi.
- Sipiriti yotchedwa isopropyl alcohol, ya mphamvu ya 90 peresenti kapena kupitirira apo. Okonza mafoni ndi makompyuta ambiri amakhala nayo, ndipo yochepa chabe imakwanira.
- Timitengo ta thonje totokosera m'makutu, mswachi wakale wofewa, timitengo totokosera m'mano ndi kansalu koyera kosasiya ulusi.
- Kawaya komangira mapepala, kowongoledwa.
- Kachitsulo kopanira tinthu ting'onoting'ono.
- Chingwe cha micro-USB chimene chimadutsa deta, osati chongotchajira.
- Kambale koikamo timasikuluwu, thaulo yoyera yoyala pa tebulo, ndi foni yojambulira zithunzi.

Musagule labala kapena chipangizo china chatsopano panopa. DualShock 4 inasinthidwa mkati kangapo kuyambira pamene inatuluka mu 2013, ndipo zipangizo za mtundu wina sizilowa mu unzake, choncho mudzadziwa choyenera kugula mukaona nambala yolembedwa mkati.

## Kupeza pamene pali vuto

1. Dinani batani lililonse pang'onopang'ono ndipo mvetserani chimene chala chanu chikumva. Batani limene likumata kapena kuchedwa kubwerera m'mwamba lili ndi litsiro m'mbali mwake, makamaka shuga wa zakumwa zimene zinatayikirapo. Limene lafewa, kumangolowa osadumpha, labala lake latha kapena lang'ambika. Limene likumveka bwinobwino koma pa TV osachitika kanthu, vuto lili pamene magetsi amagundana pansi pake. Ngati mabatani angapo afa nthawi imodzi, mwachitsanzo onse a mbali imodzi, musaganize kuti onsewo ada tsiku limodzi. Kawirikawiri chimene chasokonekera ndi malo amodzi olumikizira, ndipo tiwafika pa sitepe 18. Lembani zimene mwapeza pa pepala.

2. Tulukani mu gemu imene mukusewera n'kuyesa batani lomwelo pa tsamba loyamba la PS4 komanso mu gemu ina. Kenako pitani ku Settings, lowani mu Accessibility, tsegulani Button Assignments, ndipo onani ngati pali chizindikiro pa Enable Custom Button Assignments. Malo amenewa amalola munthu kusinthanitsa ntchito za mabatani, ndipo kumene PS4 imodzi imasewereredwa ndi anthu ambiri, monga m'malo olipiritsa magemu, zimachitika kuti wina anasintha n'kuiwala kubweza. Ngati muli ndi kontorola ina, iyeseninso. Zonse ziwiri zikamakana batani lomwelo, kontorola ilibe mlandu.

3. Tchajani kontorola mokwanira ndipo yandikirani PS4. Kontorolayi imalankhula ndi makina kudzera pa Bluetooth, pa mafunde a 2.4 GHz amene Wi-Fi imagwiritsanso ntchito, kotero rauta kapena MiFi imene yaikidwa pafupi kwambiri ndi PS4 imatha kuchititsa kuti mabatani azichedwa kapena kudumpha. Ngati kontorola yanu ndi ya mtundu wachiwiri, CUH-ZCT2, imene inatuluka mu 2016 ndipo imadziwika ndi kamzere kowala pamwamba pa touchpad, mukhoza kuiuza kuti isiye Bluetooth: pitani ku Settings, Devices, Controllers, Communication Method, n'kusankha Use USB Cable. Vuto likatha mutalumikiza chingwe, mabatani ndi abwino.

   Chenjezo: zingwe zambiri zotsika mtengo, makamaka zimene zimabwera ndi timatochi, timasipika ndi power bank, zili ndi mawaya awiri okha a magetsi. Chingwe chotere chimatchaja kontorola koma PS4 siiona, ndipo munthu amayamba kuganiza kuti batani la PS lafa. Yesani chingwecho polumikiza foni ku kompyuta. Ngati kompyuta ikuonetsa mafayilo a m'foni, chingwecho ndi choyenera.

4. Bwezeretsani kontorola pachiyambi. Zimitsani PS4 kotheratu, osati kuigoneka mu Rest Mode. Tembenuzani kontorola, ndipo pafupi ndi L2, pambali pa bowo la sikuluwu, muona kabowo kena kakang'ono kwambiri. Lowetsanimo kawaya kaja mpaka mumve kuti mwadina kabatani kotchedwa reset, gwirani kwa masekondi 5, ndipo mukatero lumikizani kontorola ku PS4 ndi chingwe, yatsani makina n'kudina batani la PS. Musagwiritse ntchito singano yakuthwa, chifukwa imaboola m'malo modina.

5. Ngati pali kompyuta ya Windows pafupi, musadumphe sitepe iyi, chifukwa ndi imene imanena zoona zenizeni. Lumikizani kontorola ndi chingwe, dinani kiyi ya Windows pamodzi ndi R, lembani joy.cpl, ndipo dinani Enter. Kontorola idzaoneka ndi dzina lakuti Wireless Controller. Tsegulani Properties, ndipo muona timabwalo ta manambala timene timayaka mukadina batani, komanso mizere imene imasuntha mukapanikiza L2 ndi R2. Dinani batani lililonse mofewa maulendo khumi n'kuwerenga kangati kamene layaka. Batani loyaka kasanu ndi kawiri pa khumi ndi lakuda kapena lotha, ndipo limakonzeka. Losayaka ngakhale kamodzi, ngakhale mutapanikiza, nthawi zambiri njira yake ya magetsi yaduka.

## Kuyeretsa osatsegula

6. Zimitsani kontorola pogwira batani la PS kwa masekondi pafupifupi 10 mpaka nyali yake izime, ndipo chotsani chingwe. Itembenuzeni kuti mabatani ayang'ane pansi, n'kupukuta m'mbali mwa batani lililonse ndi mswachi wouma. Chifukwa choyang'anitsa pansi n'chakuti litsiro ligwere pa tebulo osati mkati. Ndi kamtengo kotokosera m'mano, tsatirani mpata wozungulira batani n'kutulutsa zakuda zimene zaunjikanamo. Mudzadabwa kuchuluka kwake, makamaka m'miyezi ya fumbi ya September ndi October, pamene manja amatulukanso thukuta kwambiri.

7. Nyowetsani kamtengo ka thonje ndi isopropyl, kafinyeni kuti kasadonthe, ndipo kazungulitseni m'mbali mwa batani lovutalo uku mukulidina mobwerezabwereza, maulendo makumi awiri kapena atatu. Sipiritiyo imalowa pang'ono, kusungunula zomata, n'kuuma yokha. Dikirani mphindi 10 musanayatse. Kwa batani lomata, njirayi yokha nthawi zambiri imathetsa vuto, ndipo ngati lasinthako koma silinachire kwenikweni, bwerezani kachiwiri musanaganize zotsegula.

   Chenjezo: musathire sipiriti molunjika kuchokera m'botolo, ndipo musagwiritse ntchito sipiriti yofiirira ija yoyatsira mbaula, chifukwa ili ndi utoto umene umatsala ikauma. Sanitaiza ya m'manja imasiya zomata, pomwe thina, petulo ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo zimadya pulasitiki.

## Kutsegula kontorola

Musanapitirire, dziwani zinthu ziwiri. Ngati kontorola ndi yatsopano ndipo chitsimikizo chake sichinathe, kuitsegula kumakuchotserani mwayi wokaibweza kumene munaigula. Chachiwiri, pamsika pali makontorola ambiri achinyengo amene kunja amafanana ndi a Sony koma mkati ndi osiyana; ngati zimene mukuona mkati sizikugwirizana ndi zimene zafotokozedwa pano, imani n'kujambula chithunzi musanakoke chilichonse. Malangizowa si a DualSense ya PlayStation 5 kapena kontorola ya Xbox, zimene zimatsegulidwa mwa njira ina.

8. Yalani thaulo pa tebulo pamalo owala bwino, kutali ndi ana aang'ono, chifukwa tina mwa tinthu ta mkati ndi tating'ono ngati njere ya mpunga. Sambani m'manja n'kupukuta, ndipo gwirani chitsulo chachikulu, monga chitseko kapena zenera la chitsulo, kuti muchotse magetsi amene thupi limasunga. Jambulani chithunzi pa sitepe iliyonse kuyambira pano.

9. Masulani timasikuluwu tinayi ta kumbuyo. Panikizani sikuludiraiva pansi mwamphamvu musanayambe kupotokola, chifukwa mitu ya timasikuluwuti ndi yofewa, ndipo ikalika kamodzi, ntchito ya mphindi ziwiri imasanduka ya tsiku lonse. Tiikeni m'kambale nthawi yomweyo.

10. Lowetsani kapulasitiki mu mzere umene zivindikiro ziwiri zimakumana, kuyambira pa chogwirira chimodzi, ndipo katsetserekeni pang'onopang'ono kupita chapakati, kenako chitani chimodzimodzi mbali inayo. Mudzamva tizingwe ta pulasitiki, timene timakola zivindikiro ziwirizo kuti zigwirane, tikumasuka ndi kaphokoso. Tolimba kwambiri tili kumtunda, pafupi ndi L1 ndi R1, ndipo pamenepo m'pofunika kudekha: gwedezani chivindikiro pang'ono uku ndi uku, mukuchikankhira chakumtunda kuti chidutse pa L2 ndi R2.

    Chenjezo: zivindikiro zikamasuka, musazilekanitse ndi mphamvu. Zikadali zolumikizidwa ndi kalamba kopyapyala ka mawaya, kamene okonza amakatchula kuti flex, kochokera pamalo otchajira ndi nyali kupita ku bolodi lalikulu la magetsi la mkati mwa kontorola. Kalamba aka kakang'ambika, kontorola imasiya kutchaja. Tsegulani mpata wokwana zala ziwiri basi.

11. Gwirani kalambako pa kakhutu kake kolimba ka kumapeto, ndi zala, n'kukakoka molunjika kuchokera m'malo mwake pa bolodi. Onetsetsani mbali imene kanayang'ana musanakachotse. Tsopano ikani chivindikiro cha kumbuyo pambali, ndipo yang'anani pa thaulo ngati pagwa kanthu. Kawirikawiri pamagwa kasipuling'i ka L2 kapena R2, kamene ndi kawaya kopindika kakang'ono, kapena kachidutswa kamene kamakankha batani la reset.

12. Chotsani batire. Lili pakati, ndi la mphamvu ya 1000 mAh, ndipo limalumikizidwa ku bolodi ndi kapulagi koyera. Gwirani kapulagiko, osati mawaya, n'kukagwedeza pang'ono mukukoka. Musakhudze chilichonse mkati ndi sipiriti kapena chitsulo batire lisanachotsedwe. Ngati batire latupa, musalipanikize, musaliboole, ndipo musalibwezeremo. Batire la lithium lotupa likhoza kuyaka moto.

13. Pansi pa batire pali kachotengera ka pulasitiki ndi sikuluwu imodzi imene imagwira bolodi. Imasuleni n'kuiika payokha. Werengani nambala yosindikizidwa pa bolodi, yoyamba ndi zilembo JDM, monga JDM-001, JDM-030, JDM-040 kapena JDM-055, ndipo ilembeni, chifukwa ndi imene mudzauze wogulitsa zipangizo. Kenako pezani kalamba kena kakang'ono, ka touchpad, kamene kamalowa m'mphepete mwa bolodi chakumtunda. Pa mitundu ina kamagwiridwa ndi kachitseko kamene kayenera kutukulidwa kaye ndi chikhadabo, ndipo pa ina kamangokokedwa, yang'anitsitsani musanakoke.

14. Tukulani bolodi mosamala kuti tindodo ta analogi tituluke m'mabowo ake, n'kulipendekera kumbali. Musayese kulichotseratu, chifukwa mawaya a timainjini tiwiri togwedeza kontorola, timene tili m'zogwirira, anawotchereredwa pa bolodilo, ndipo akaduka pafunika chowotcherera. Pansi pa bolodi pali chimango chakuda cha pulasitiki. Onani ngati chagwiridwa ndi sikuluwu ina, ndipo chitulutseni pamodzi ndi bolodi. Nthawi yonseyi chivindikiro cha kutsogolo chikhale chafufumimba, mabatani atayang'ana pansi, kuti asamwazike.

## Kuyeretsa ndi kukonza mkati

Apa m'pofunika kumvetsa mmene batani limagwirira ntchito, chifukwa mukamvetsa zimenezi mudzadziwa choyenera kuyang'ana. Batani la pulasitiki limene mumadina silikhudza magetsi. Limapanikiza labala lofewa lokhala ngati kachipewa, ndipo pansi pa kachipewako pali kadontho kakuda ka kaboni. Kadonthoka kakatsika, kamagunda kapepala ka pulasitiki kopyapyala kokhala ndi tinjira ta magetsi, kamene kakulungidwa pa chimango chija, n'kulumikiza tinjira tiwiri timene tinali tosagundana. Ogulitsa amakatchula kapepalaka kuti conductive film. Mafuta a m'manja, fumbi kapena shuga zikakhala pakati pa kaboni ndi kapepalaka, magetsi sadutsa, ngakhale mutadina ndi mphamvu zanu zonse.

15. Jambulani chithunzi, kenako chotsani timalabala ndi mabatani a pulasitiki. Mabatani okhawo, pamodzi ndi chivindikiro ngati mwachotsapo touchpad, mukhoza kuwatsuka m'madzi ofunda okhala ndi sopo pang'ono, pogwiritsa ntchito mswachi. Tsukuluzani n'kuyanika pamthunzi mpaka aumiretu, bwino kwambiri usiku wonse. Pukutaninso mkati mwa mabowo awo, chifukwa m'menemo ndi mmene zomata zimabisala. Musawayanike padzuwa lamphamvu kapena pafupi ndi mbaula.

16. Tengani labala lililonse n'kuliyang'anitsa kowala, uku mukulitambasula pang'ono ndi zala. Mng'alu umabisala m'munsi mwa kachipewa ndipo suoneka labala likangokhala. Kwa osewera mpira, yambani ndi la X ndi lozungulira, amene amapatsira ndi kumenya mpira, chifukwa ndi amene amatha msanga. Labala long'ambika silimatidwa ndi guluu; lisintheni. Ngati ndi lathunthu, pukutani kadontho ka kaboni ndi thonje lonyowa pang'ono ndi isopropyl, kamodzi kapena kawiri, mopepuka. Thonje lidzada pang'ono, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Kadontho kabwino kamaoneka kakuda kosanyezimira, pomwe kotha kamasalala n'kumawala.

    Chenjezo: musapale kaboni ndi sandipepa, lezala kapena mpeni. Kaboniyo ndi wochepa kwambiri, ndipo mukamupala batani limafa kotheratu. Ena amapaka pensulo pa kadonthoka. Zimagwiradi kwa masiku ochepa, koma ufa wa pensulo umayoyokera pa kapepala ka magetsi, ndipo batani limayamba kudzidina lokha. Ine sindilimbikitsa zimenezi, makamaka poti timalabala tatsopano ndi totsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kontorola.

17. Pukutani kapepala ka magetsi pamalo onse amene kaboni amagunda, ndi thonje latsopano, moyenda mbali imodzi. Musakachotse pa chimango ngati palibe chifukwa, chifukwa kamakoledwa pa timapini ta pulasitiki ndipo kamang'ambika mosavuta. Kakauma, tsatirani ndi maso tinjira tochokera pa batani lovutalo. Mukaona pamene njira yaduka, yapindika kwambiri, kapena yachita dzimbiri lobiriwira chifukwa cha madzi, kuyeretsa sikuthandiza. Gulani kapepala katsopano kogwirizana ndi nambala ya JDM imene munalemba. Pokaika, yambani ndi timabowo ta pakati, kenako kulungani mbali za L1, L2, R1 ndi R2, ndipo onetsetsani kuti kagona bwino popanda makwinya.

18. Tsopano yang'anani pamene kapepalaka kamakumana ndi bolodi. Sikanawotchereredwe, kali ndi mzere wa timadontho timene timangopanikizidwa pa timadontho tofanana nato ta pa bolodi, ndipo kumbuyo kwake kuli kasiponji kapena kalabala kokankha. Malo amenewa ndi amene amapha mabatani ambiri nthawi imodzi, makamaka kontorola ikagwa pansi kapena ikatsegulidwapo ndi munthu amene sanamange bwino sikuluwu ya bolodi. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi isopropyl. Ngati kasiponji kaphwa chifukwa cha ukalamba, ikani kachidutswa kamodzi kapena tiwiri ta tepi ya magetsi kumbuyo kwa kapepalako, osati pamwamba pa timadontho, kuti kazipanikizika bwino. Musachulutse, chifukwa bolodi likhoza kupindika.

19. L2 ndi R2 ndi osiyana ndi ena chifukwa amayeza kukula kwa mphamvu imene mwapanikizira. Labala lawo likayamba kung'ambika, batani limagwirabe koma silifika kumapeto, ndipo n'chifukwa chake galimoto mu gemu ya mpikisano imalephera kufika pa liwiro lonse. Kankhirani batani kumbali pang'ono kuti timapini take tituluke m'malo mwake, onani labala, ndipo onaninso ngati timapiniti sitinathyoke. Pobwezera, kolekani kasipuling'i pa pini ya batani, mwendo umodzi ukhale mkati mwa batani ndipo winawo ugone mu kamzere kake pa chimango. Batani lopanda kasipuling'i limalendewera ndipo limadinika mukangolikhudza. Yerekezani ndi la mbali inayo, limene simunalimasule. Ichi ndi chifukwa chabwino chokonzera limodzi pa nthawi.

20. Mabatani a Share ndi Options, komanso L3 ndi R3 amene amadinika mukapanikiza tindodo ta analogi, sadalira kapepala kaja. Ali ndi timaswichi tawotawo towotchereredwa pa bolodi. Donthezani kadontho kamodzi ka isopropyl pa kaswichi, kadineni maulendo angapo, n'kusiya kuti kaume. Ngati sikakumveka kulira pokadina kapena sikanasinthe, kafunika kusinthidwa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu wodziwa kuwotcherera tinthu ting'onoting'ono. Wokonza mafoni waluso amatha kuichita.

## Kubwezera zonse m'malo

21. Zonse zikauma, bwezerani mabatani m'chivindikiro cha kutsogolo chikadali chafufumimba. Batani lililonse mwa anayi aja, X, lozungulira, la bokosi ndi la ngodya zitatu, lili ndi timakhutu timene timalowa m'bowo lake lokha, choncho likakana musalikakamize; lili pa malo olakwika. Ikani timalabala pa timapini take, kaboni atayang'ana m'mwamba kumene kubwere chimango. Dutsitsani kalamba ka touchpad pa kampata kake musanakhazike chimango, chifukwa kakatsekeredwa pansi mudzayenera kumasulanso zonse.

22. Khazikani chimango ndi bolodi, lowetsani kalamba ka touchpad mpaka kumapeto, ikani kachotengera ka batire, ndipo mangani sikuluwu ya pakati mpaka igwire, osapitirira. Onetsetsani kuti mawaya a timainjini sanapanidwe. Lumikizani batire ndi kalamba ka kumbuyo. Musanatseke, gwirizanitsani zivindikiro ndi dzanja, lumikizani ku kompyuta kapena ku PS4, n'kuyesa batani lililonse monga munachitira pa sitepe 5.

23. Zonse zikagwira, dutsitsani chivindikiro cha kumbuyo pa L2 ndi R2 poyamba, kenako panikizani m'mbali mpaka tizingwe tonse tilire, ndipo bwezerani timasikuluwu tinayi. Dinani L2 ndi R2 musanamange komaliza, chifukwa potseka ndi pamene timasipuling'i timakonda kuchoka.

## Ngati vuto ndi batani la pa PS4 yeniyeniyo

PS4 zoyambirira, za manambala oyamba ndi CUH-10 ndi CUH-11, zili ndi mabatani oyatsira ndi otulutsira chimbale amene sadinika koma amangomva kukhudza kwa chala. Kuyambira pa CUH-12 ya mu 2015, komanso pa Slim ndi Pro za mu 2016, mabataniwa ndi odinika. Nambalayi yalembedwa pa kapepala kumbuyo kapena kunsi kwa makina. Zimitsani PS4, zulani chingwe cha magetsi, dikirani mphindi zingapo, ndipo pukutani mabataniwo ndi kansalu konyowa pang'ono ndi isopropyl. Pa zoyambirira zija, batani limadalira kachitsulo ka mkati mwa chivindikiro kamene kayenera kugunda malo ake, ndipo likasiya kugwira ntchito makina atangotsegulidwa kumene kuti achotsedwe fumbi, kawirikawiri kachitsuloko kapindika kapena chivindikiro sichinakhale bwino. Podikira kukonza, PS4 imayaka ndi batani la PS la pa kontorola, ndipo chimbale chimatuluka mukaloza gemuyo pa tsamba loyamba, kudina Options, n'kusankha Remove Disc. Musatsegule bokosi la magetsi la mkati mwa PS4, chifukwa limasunga magetsi oopsa ngakhale chingwe chitazulidwa.

## Zolakwitsa zofala

Cholakwitsa chachikulu ndi kutsegula kontorola musanayese chingwe china, gemu ina ndi kabowo ka reset. Ndinathandizapo mnyamata wina amene anamasula kontorola yake kawiri konse, n'kuthyola tizingwe ta chivindikiro, pamene vuto linali chingwe chongotchajira chimene anabwereka kwa mnzake.

Chachiwiri ndi kupopera mafuta omasulira zitsulo za dzimbiri, monga WD-40 wamba, m'mabatani. Tsiku loyamba batani limafewa ndipo munthu amasangalala, koma mafutawo sauma, amakoka fumbi, ndipo amakuta kaboni. Kontorola yothiridwa mafuta imafuna kutsukidwa chilichonse mkati, ndipo nthawi zina timalabala tonse timayenera kusinthidwa.

Ena amagula kapepala ka magetsi pongotchula kuti ndi ka PS4, osanena nambala ya JDM. Kapepala ka JDM-030 sikagwira pa JDM-040, ngakhale pokayang'ana kakuoneka kofanana, ndipo kapulagi ka batire nakonso ndi kosiyana kukula pakati pa makontorola akale ndi atsopano. Pitani ndi chithunzi cha bolodi, kapena ndi kapepala kakaleko m'manja.

Kuyatsa kontorola mkati mukadali chinyezi kumawononga bolodi. Isopropyl imauma m'mphindi zochepa, koma madzi amabisala m'timabowo ta mabatani kwa maola ambiri, ndipo kadontho kamodzi kakagwera pa kapepala ka magetsi kamayambitsa dzimbiri limene mudzaliona patapita milungu. Ngati kontorola yatayikiridwa chakumwa, musaiyatse kuti muone ngati ikugwirabe. Itseguleni, chotsani batire, ndipo yeretsani tsiku lomwelo.

Palinso chizolowezi chomanga timasikuluwu mopitirira muyeso poganiza kuti mabatani agwira bwino. Timasikuluwuti timalowa mu pulasitiki, ndipo mukapotokola kwambiri mabowo amaphulika, zivindikiro n'kusiya kugwirana. Mukamva kuti sikuluwu yafika, siyani pomwepo. Ndipo ngati pa thaulo patsala kanthu mutatseka kale, musakataye: yerekezani ndi zithunzi zimene munajambula, chifukwa nthawi zambiri kamakhala kachidutswa ka batani la reset, kamene simudzadziwa kuti kakusowa mpaka tsiku limene mudzalowetse kawaya m'kabowo kaja n'kupeza kuti mulibe chodina.